Dzina Linadyedwa ndi Dzimbiri

Nyumba ya lendi ku Nyambadwe ndinaipeza ndi zake:
mpopi wodontha, loko wokana kiyi,
ndipo kuseri, pa khoma la njerwa loyang'ana phiri la Ndirande,
mtengo wa maapozi womangidwa pa mawaya atatu,
manja chotambasula, atatu uku, atatu uko,
phwathalala ngati malaya oyanikidwa
amene mwini wake anaiwala kwanula.

Sindinaonepo mtengo womvera chonchi.
Wina anauphunzitsa kuyenda cham'mbali,
chaka ndi chaka, ndi tizingwe ta khonje,
nkumadula nthambi iliyonse yofuna kuloza kwina.

Pa waya wapansi pakulendewera kachidutswa ka lata.
Ndinakakwecha ndi phulusa, ndi ndimu, ndi malovu.
Dzimbiri linadya dzina lonse,
linangosiya mwendo wa chilembo chimodzi,
kaya A, kaya D,
kaya ndi pomwe msomali unaterereka.

Ndinafunsa a Magombo, eni nyumba.
Anati, apozi ndi apozi, mayi,
lendi ndi pa wani.

Mu Disembala ndinathyola awiri, ndinamanga pampango,
ulendo wa ku msika wa Limbe.
Nangondo, amene maapozi ake amabwera m'makatoni,
aliyense ndi kasitika pachipumi,
anatembenuza wanga, nanunkhiza,
namutsina pang'ono ndi dzino.
Uyu alibe pasipoti, anatero,
koma akuwawasa bwino. Muli nawo angati?

Minibasi ya ku Bvumbwe inandidyera ya makala.
A Matewere, mlangizi wa zipatso, magalasi omangidwa ndi ulusi,
anadula woyamba chopingasa:
nyenyezi ya zipinda zisanu, njere zofiirira.
Anasuzumira mchombo, anayeza kamchira ndi chikhadabo,
nandifunsa zinthu zomwe sindinasunge.
Unachita maluwa liti, chiperoni chisanathe kapena chitatha?
Masamba amayoyoka okha, kapena mumachita kupulula?
Njuchi zimayambira nthambi iti?
Ine kukamwa yasa.
Anadula wachiwiri, nalawa, nakhala chete.
Mayi, awa si a mtengo umodzi.
Ndinalumbira: khoma limodzi, thunthu limodzi, dzanja langa lomweli.
Anapukuta mpeni pa thalauza.
Pitani mukausuzumire m'khwapa.

Ndinafika magetsi atazima kale.
Ndi tochi ya foni ndinagwada m'matope,
ndipo pomwe nthambi yapakati imachoka pa thunthu
ndinapeza chipsera, chotupa ngati bondo,
kamphira ka chubu cha njinga katamezedwa ndi khungwa.
Pamwamba pake china.
Pomezanitsa!
Apansi ofiira, ataliatali,
apamwamba achikasu, obulungira,
omwe masabata atatu ndinkawadikira kuti afiire
pamene anali atapsa kale, mbalame zikudziwa, ine ayi.

Mlonda wa nyumba yoyandikana akuti amamukumbukira:
Saidi Matola, wam'dimba, wosayankhulayankhula,
ankabwera ndi timitengo tokulunga m'nyuzipepala yonyowa
akachokera kwawo ku Neno,
nkumakhala pa khoma ili Loweruka lonse, lumo kukamwa.
Mabwana atatu anasinthana nyumbayi, iye ali pompo.
Wachinayi anabwera ndi agalu ndi simenti.
Kumene anapita, mlonda sadziwa.
Mayina a timitengoto, sanamufunsepo.

A Matewere akuti wofiirayo mwina ndi Ana,
wachikasuyo mwina Doseti, mwina ayi,
wapakati sanabereke chaka chino, tisamunamizire.
Akuti ndibwerenso ndi duwa, ndi tsamba,
ndi chaka chathunthu cholembedwa.

Khonje wina anali ataola.
Ndamanganso ndi chingwe cha thumba la feteleza,
mosathina, kuti chala chizilowa,
monga ndaonera mfundo zake zakale.
Kachidutswa ka lata ndakasiya pomwepo.

Ndagula kope la masamba makumi anayi.
Tsamba loyamba:
Ogasiti 9, m'mawa, nkhungu.
Waya wapansi, dzanja lamanzere,
maluwa anayi.
Limodzi lili ndi njuchi.